Tikuponya Kapena Tikuphonya?

Tsiku lina Loweruka mdzukulu wanga wa mu Sitandade 5 adandibweretsera kope lake kuti ndione mmene akukhozera kusukulu. Ndidavala mandala anga, n'kukhala pakhonde, n'kuyamba kuvundukula masamba. Ndidafika pa chimangirizo chimene adalemba chokhudza mpira womwe adakaonera pabwalo la m'mudzi mwathu. Pakati pa nkhaniyo padali chiganizo ichi: "Achimwene anga anaponya penate ndipo anthu onse akwathu analira." Kumunsi kwa tsambalo kudali chichongo chachikulu cha inki yofiira, pambali pake liwu loti "Wakhoza."

Ndidamuitana. "Iwe, ngati achimwene akowa adaponya penate, nanga anthu adaliranji?"

"Mpira udapita kunja, agogo."

"Ndiye adaponya kapena adaphonya?"

Mwana adandiyang'ana ngati ndamufunsa dzina la agogo a agogo ake. Kenaka adati, "Si chimodzimodzi, agogo? Aphunzitsitu andichongera."

Ndikadangoseka n'kuiwala ndikadapanda kutembenuza kopelo. Chakumapeto kwake, kumene amalembako Chingerezi, mwana yemweyo adasiya lembo limodzi m'liwu loti "because". Apotu aphunzitsi sadagone. Adadula mzere kunsi kwa liwulo, adalemba lolondola pamwamba, ndipo adalamula kuti alilembe kakhumi. Mwana adalilembadi kakhumi, mizere yowongoka ngati ya fodya wa paesiteti. Dzanja limodzi, inki imodzi, kope limodzi. Lembo la Chingerezi likasowa ndi mlandu wofunika chindapusa, lembo la Chichewa likasowa, ngakhale litaimika nkhani yonse chadodolido, ndi "Wakhoza."

Sindikulemba izi kuti ndinyoze mphunzitsi ameneyu. Inenso ndidagwira choko zaka 29 m'sukulu za pulayimale, ndipo ndidaphunzitsapo ana 130 pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira pathunthu. Ndikudziwa mmene maso amachitira ukafika pa kope la makumi asanu ndi atatu dzuwa likupendeka. Chimene ndikulimbana nacho ndi bodza lomwe mphunzitsiyu adalipeza kale, lomwe inenso ndidalipeza, lomwe tonse takhala tikulilera ngati mwana wobadwa yekha: bodza loti kalembedwe ka Chichewa sikafuna kuphunzitsidwa chifukwa "Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera," ndiponso mwana "adayamwira."

Bodza lililonse lokhalitsa limakhala ndi kachoonadi mkati. N'zoona kuti chiyankhulo chathu chidapatsidwa kalembedwe kachifundo. Malembo a liwu tili nawo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pamene lapezeka. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu. Mwana wa ku London amavutika zaka zambiri kuloweza mawu amene kalembedwe kake sikagwirizana ndi katchulidwe. Wathu angathe kuwerenga nkhani yathunthu chaka chimodzi chisadathe, akaphunzitsidwa bwino. Koma munda wachonde si munda wodzilima wokha. Ife tidaona kuti nthaka ndi yabwino ndiye tidapachika makasu.

Tatengani lembo lija mdzukulu wanga adalimeza. H ameneyu si chokongoletsera. Ndi kampweya kamene kamasiyanitsa kupala ndi phala, kukola ndi khola, kukumba ndi kukhumba, kukama ndi khama. Mwana amene sadauzidwe zimenezi adzalemba kalata yofunsira ntchito n'kunena kuti ndi munthu wa kama. Tengani kachizindikiro ka pa ng': ng'oma timaimba pagule, ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Tengani ts ndi dz, amene achinyamata ambiri masiku ano akuwameza ngati mapiritsi: tsamba lasanduka samba, tsoka lasanduka soka, dzina lasanduka zina. Pakhoma lina m'tauni ndidawerenga chenjezo la zilembo zikuluzikulu loti "Osakoza pano." Ndidaima kanthawi osadziwa ngati akuletsa kukodza, kukonza kapena kukhoza. Poona mmene zinthu zikuyendera, ndidaganiza kuti mwina akuletsa zonse zitatu.

Wina anena kuti, "Kwathu timatchula choncho." Ndi zoona, ndipo sindikufuna kuti munthu asinthe lilime la amayi ake. Wa ku Nsanje, wa ku Kasungu, wa ku Chipata ndi wa ku Tete aliyense ali ndi katchulidwe kake, ndipo kukoma kwa chiyankhulo kuli pomwepo. Koma n'chifukwa chake kalembedwe kamafunika: pakamwa tisiyane, papepala tikumane. Ngati aliyense alemba mmene amatchulira, buku lolembedwa ku Mulanje lidzafuna womasulira likafika ku Dowa.

Nanga l ndi r? Ndafunsapo aphunzitsi anzanga ambiri kuti amadziwa bwanji polemba l ndi polemba r, ndipo yankho lofala ndi loti "zimangotengera." Sizingotengera ayi. Lamulo lake lilipo, ndipo ndi lalifupi kuposa pemphero la pachakudya: pambuyo pa i ndi e timalemba r, pambuyo pa a, o ndi u timalemba l, ndipo kumayambiriro kwa tsinde timalemba l. N'chifukwa chake timalemba mbale koma mbiri, mtolo koma mbereko. Liwu loti gulira lili ndi lamulo lonse m'thupi mwake: l pambuyo pa u, r pambuyo pa i. Mwana wochenjera adzakugwira pomwepo kuti, "Nanga ndili? Nanga chilango?" Umuyankhe mokondwa, chifukwa wafika pakhomo pa galamala yekha: li ndi tsinde, langa ndi tsinde, ndipo tsinde silitaya l wake chifukwa chakuti mphatikiri wakhala patsogolo pake. Phunziro limeneli silitha mphindi makumi awiri. Koma pali anthu adatsiriza Fomu 4, ena mpaka kuyunivesite, amene palibe adawauzapo.

Kugawa mawu nakonso ndi chimodzimodzi. Mwana wamkulu ndi woyamba kubadwa. Mwana wa mkulu ndi wobadwa kwa achimwene kapena kwa munthu waudindo. Kampata kamodzi kokha, koma m'kalata ya chuma cha masiye kampata kameneko kangathe kuyambanitsa banja. Timalemba kumunda, pamsika, m'nyumba mophatikiza, koma ku Zomba, pa Dedza, mu Lilongwe motalikitsa. Izi sizichokera m'mawere a mayi. Mwana amayamwira kuyankhula. Kulemba amachita kuphunzitsidwa.

Malamulo amenewa sindidawapeke ine. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chiyankhulo cha fuko. Mu 1972 boma lidakhazikitsa bungwe la Chichewa Board, lomwe lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera bungwelo lidathetsedwa, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, komwe idakulitsidwa kuti ikhudze ziyankhulo zonse za dziko lino. Ndinene poyera kuti sindilira maliro a nthawi ya Chichewa Board. Ndimakumbukira kuti chaka chomwecho cha 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu, ndipo chidadzamvekanso pa MBC mu 1994. Chiyankhulo chimene chakwera pamsana pa chinzake chimanyamula ngongole, ndipo ngongoleyo tikuibwezabe. Koma pothawa chikwapu tidathawanso muyeso. Kabuku ka malamulo a kalembedwe kaja, m'sukulu zonse zimene ndidaphunzitsamo ndidakaona kamodzi kokha, m'kabati ya ahedi, pansi pa kaundula wakale, chiswe chitadya chikuto.

Ife a mvula zakale tidaphunzira kuwerenga ndi buku la Sosa, poyimba maphatikizo mpaka pakhosi kuuma. Sindikunena kuti njirayo idali yopanda chilema. Ena ankangoyimba ngati zinkhwe osadziwa chimene chili pabolodi. Koma idali ndi nzeru imodzi: idatenga chiyankhulo monga chilili, chomangidwa ndi maphatikizo. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana m'sukulu adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adalowa m'kalasi atangophunzitsidwa masabata ochepa. Chidali chinthu chabwino kutsekula zitseko, ndipo sindidzanena zosiyana ndi zimenezo. Koma lembetso, lomwe limafuna kuti mphunzitsi aone kope la mwana aliyense, lidali loyamba kufa. Kenaka mu 2007 kudabwera silabasi yatsopano ya PCAR, ndipo kumaphunziro tidauzidwa kuti tiyambe ndi mawu athunthu, mwana aziliona liwu ngati chithunzi. Njirayi idabadwira ku Chingerezi, komwe liwu limalembedwa mwina n'kutchulidwa mwina. Ife tidabwereka ndodo ya wolumala pamene miyendo yathu idali yabwinobwino. Mu 2010 kafukufuku wa Early Grade Reading Assessment adapeza kuti mwa ana 10 alionse a mu Sitandade 2, oposa 7 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi m'kankhani ka Chichewa. Liwu limodzi! M'chiyankhulo cha malembo a liwu asanu!

Ndiyamikire pamene payenera kuyamikira: pulogalamu ya National Reading Programme, yomwe idayamba mu 2016, idabwezeretsa maliwu a malembo ndi maphatikizo m'makalasi oyambirira. M'mera mpoyamba, ndipo mmerawo adaukumbukira. Dandaulo langa lili pa zimene zimachitika mwana akangodziwa kulumikiza ba ndi mbo. Pamenepo timamutaya. Timayesa kuti wafika, chonsecho wangoima pachipata.

Ndipo kuseri kwa chipatacho n'kumene kuli chuma chenicheni, chuma cha mathero a mawu.

Lembani pabolodi liwu limodzi, manga. Funsani ana kuti munthu akamanga nyumba ya agogo ake wachita chiyani. Adzafuula kuti wawamangira. Akalemba ganyu wina kuti amange? Wamangitsa. Nyumbayo yatani? Yamangidwa. Ngati dothi ndi labwino, nyumbayo itheka? Imangika. Apolisi awiri akakwiyitsana? Amangana, ndipo kalasi yonse idzafa ndi phwete. Pitirizani: mangirira, mangiriza, ndipo mwadzidzidzi mwana wina adzatukula dzanja, maso ali tong'o, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti chimangirizo chidachokera pamenepa?" Inde, mwanawe. Chimangirizo chimene umalemba Lachisanu lililonse ndi mtolo wa maganizo omangidwa pamodzi. Ine zimenezi zidandichitikira m'kalasi, ndipo nkhope ya mtsikana ameneyo sindidzaiwala. Kuyambira tsikulo adaleka kuona mawu ngati miyala yotola panjira. Adayamba kuwaona ngati mbewu.

Tengani lemba. Muli lembera, lembetsa, lembedwa, lemberana. Muli mlembi, lembo, chilembo, lembetso, kalembedwe, ngakhalenso kalembera amene makolo awo amakafolera chisankho chikayandikira. Tengani gwira: gwiritsa, gwiritsitsa, gwirana, gwirizana, gwirizanitsa, mpaka mgwirizano, liwu limene andale amalikonda osadziwa kuti pansi pake pali manja awiri ogwirana. Tsinde limodzi, mawu khumi ndi asanu. Sabata iliyonse tsinde limodzi, pachaka mwana ali ndi nkhokwe.

Ndipo mkati mwa zimenezi muli dongosolo lokongola limene mwana aliyense amalitsata osadziwa. Bwanji timati phikira koma lembera, mangira koma gonera, gulitsa koma konzetsa? Chifukwa tsinde likakhala ndi e kapena o, msintho umatenga e. Likakhala ndi a, i kapena u, umatenga i. Timasinde tating'ono ngati dya, mwa, fa ndi pha timatenga e: dyera, mwetsa, fera, phedwa. Palibe mwana wa zaka zisanu amene anganene kuti "ndiphikereni" kapena "ndilembireni." Lamulolo lili kale m'khutu mwake. Ntchito ya sukulu ndi kulitulutsa m'khutumo n'kuliika pabolodi kuti mwana aone kuti chiyankhulo cha kwawo chili ndi mafupa, si phala chabe. Muonetseni kuti tseka amabala tsekula, yala amabala yalula, mata amabala matula, ndipo kachidutswa kameneko ndi kamene kamabweza ntchito m'mbuyo. Muonetseni kuti i wa kumapeto amabala wochita, monga mlimi, msodzi, mphunzitsi. Kuti o amabala chochitidwacho, monga funso, yankho, pemphero. Kuti dwe amabala njira yochitira, monga kalimidwe, kavalidwe, kayendedwe. Muonetseni kuti ngakhale ulemu wathu umakhala kumchira kwa liwu: bwera ndi wa mnzako, bwerani ndi wa akulu, ndipo ndithandizeniko ndi wa munthu amene adaleredwa. Akatswiri a ziyankhulo kunja amalemba mabuku athunthu pa timichira timeneti. Sam Mchombo, mwana wa dziko lino, adatulutsa buku la kamangidwe ka ziganizo za Chichewa ku Cambridge mu 2004. Za kwathu zimaphunziridwa ku California, eni ake tikuziyesa zamasanje.

Tsono kusukulu timaphunzitsa bwanji chuma chimenechi? Timachisandutsa mndandanda wa mayina oloweza. Msintho womchitira, msintho wochititsa, msintho wochitidwa: mwana amaloweza usiku, m'mawa n'kukasanza pamayeso. Funso limati, "Tchulani mtundu wa msintho wa mneni amene watsekedwa mzere kunsi." Akhoza, alandira malikisi, aiwala. Palibe amene amamuuza kuti, "Nali tsinde, tipangire mawu asanu ndipo ulembe nawo nkhani." Zili ngati kuphunzitsa mwana mayina a khasu, nkhwangwa ndi chikwakwa zaka zisanu ndi zitatu osamulola kulowa m'munda.

Zotsatira zake ndimaziona ndi maso. Chipumireni pantchito, achinyamata amandibweretsera nkhani zawo zifupizifupi ndi ndakatulo kuti ndiwaonere. Luso lilipo, sindikana. Koma mawu ndi ochepa ngati ndiwo za pamaliro a mmphawi. Chilichonse ndi "chabwino kwambiri" kapena "choipa kwambiri." Mvula imangogwa basi, palibe chizimalupsa, palibe mvumbi, palibe yamkuntho kapena yamatalala. Munthu wa m'nkhani amangopita "kukalima" chaka chonse. Sasosa, sagalauza, sapalira, sabandira. Mayi amangoti "akukonza chimanga". Satonola, sakonola, sapeta, saviika mphale, ndipo gaga ndi mgaiwa kwa mlembiyo ndi ufa basi. Mphika uliwonse ndi poto. Nkhali, mtsuko, mkhate ndi phale zidapita ndi agogo. Mivekero nayo, yomwe ndi mchere wa chiyankhulo chathu, ikutha: magazi safiiranso psuu, mdima sudanso bii, mudzi sukhalanso chete kuti zii. Werengani tsamba limodzi la John Gwengwe kapena la E. J. Chadza, kenaka muwerenge la mdzukulu wawo wa lero, mudzamva ngati mwachoka pamsika wa Lizulu n'kulowa m'kagolosale ka sopo ndi machesi.

Musandimve molakwa, sindine wa gulu lija lofuna kutsuka chiyankhulo ndi sopo. Mawu obwereka ndi athu. Nsapato, kalata ndi mbatata tidatenga kwa Apwitikizi kalekale ndipo palibe amene amazipempha chiphaso. Sukulu, buku, foni ndi kompyuta alowa, akhale. Kubwereka chimene ulibe ndi nzeru. Chimene chimandiwawa ndi kukabwereka supuni kwa aneba chipande chako chili padenga, chifukwa chakuti palibe adakuuza dzina lake.

Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wofotokoza mawu athu m'chiyankhulo chathu chomwe, udatuluka mu 2000. Idali ntchito yaikulu yoyenera nthungululu. Kuyambira chaka chimenecho mpaka tsiku limene ndidatula choko pansi, sindidauonepo m'manja mwa mwana wa pulayimale. Koma wa Chingerezi, ngakhale wothothoka masamba, sukulu iliyonse idali nawo, ndipo ana ankaphunzitsidwa kufufuzamo mawu. Uthenga umene mwana amatolapo ndi womveka: mawu a Chingerezi ali ndi matanthauzo ofunika kuwafufuza, a Chichewa ndi ongotola.

Ndikudziwa yankho limene likundidikira, chifukwa ndalimva kumisonkhano ya makolo kosawerengeka. "Achimwene, Chichewa chidzamupatsa ntchito mwanayu? Akalephera Chingerezi satifiketi ya Fomu 4 palibe." Zoona zokhazokha. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna udalengeza kuti izi ziyambire mu Sitandade 1, Chichewa n'kutsala ngati phunziro chabe. Kholo limene likufuna kuti mwana wake adziwe Chingerezi silidalakwe. Inenso ndimafuna mdzukulu wanga achidziwe, achiyankhule mpaka azungu adabwe. Koma amene amaganiza kuti Chingerezi chimakula Chichewa chikafota sadaimepo kutsogolo kwa kalasi. M'zaka zanga zonse, ana amene ankalemba Chingerezi chabwino adali omwewo amene ankalemba Chichewa chabwino. Chifukwa chake n'chosabisika. Kusamala lembo ndi khalidwe, ndipo khalidwe silisankha chiyankhulo. Mwana amene waona kuti phunzitsa amabala mphunzitsi sadzadabwa kumva kuti teach amabala teacher. Adziwa kale kuti mawu ali ndi tsinde ndi nthambi. Koma amene waphunzira kuti m'chiyankhulo chimene amachimva bwino lomwe lembo lingathe kusowa popanda kanthu, mudzamuuza bwanji kuti lisasowe m'chiyankhulo chimene sachimva n'komwe? Adzaloweza "because" kakhumi, mawa adzalakwitsa "before."

Palinso ana amene Chichewa si cha kwawo, a ku Mangochi, a ku Karonga, a ku Chitipa, a ku Nkhata Bay. Mu 1996 unduna udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za kwawo, koma mabuku ake sadafike, ndipo lamulolo lidafera papepala. Ana amenewa tidawalakwira kawiri. Tidawamana chiyankhulo chawo m'kalasi, kenaka tidawapatsa Chichewa n'kumachiphunzitsa ngati adayamwira. Ngati pali mwana amene akufunika kuuzidwa momveka kuti h akhala pati, r akhala pati, ndi ameneyu. Bodza lija loti "amachidziwa kale" limapweteka iyeyu koposa onse.

Nanga za kuchuluka kwa ana m'kalasi? Ndanena kale kuti ndikuzidziwa. Koma aphunzitsi a mdzukulu wanga adaipeza nthawi yoona lembo losowa mu "because." Nthawi ilipo, imangopita kumene mtima waika mtengo. Lembetso la mawu asanu silifuna thandizo lochokera kunja. Ana amasinthana makope, mphunzitsi alemba mayankho pabolodi, atha. Kutuma ana kuti aliyense akafunse agogo ake liwu limodzi limene iye salidziwa, n'kudzalipachika pakhoma la kalasi, sikufuna galimoto ya pulojekiti. Chimene chikufunika ndi mphunzitsi amene iye mwini adaphunzitsidwa zimenezi kukoleji, ndipo apa mpamene ndikuloza chala: mphunzitsi asatuluke m'koleji asadagwirepo kabuku ka malamulo a kalembedwe, ndipo a Malawi Institute of Education ku Domasi ndi a mayeso ku MANEB aleke kufunsa mwana dzina la msintho, ayambe kumufunsa kuti asinthe.

Koma chala chikaloza kutsogolo, zitatu zimaloza mwini. Alembi anzanga, ifeyo tili pati? Timadandaula pamisonkhano yathu kuti Amalawi sawerenga, kuti mabuku athu akuchita nkhungu m'masitolo. Kodi woti awerengeyo adzachokera kuti ngati si mu Sitandade 3? Ndipo akatsekula buku lathu amapezamo chiyani? Ndawerengapo mabuku osindikizidwa bwino, a zikuto zonyezimira, mmene liwu limodzi lalembedwa mitundu itatu pa tsamba limodzi: mawu apa, mau apo, kumudzi pamwamba, ku mudzi pamunsi. Mlembi yemweyo akalemba m'Chingerezi amapereka zolemba zake kwa anthu atatu kuti amuonere, kuopa manyazi. Akalemba m'Chichewa amatumiza kosindikiza usiku womwewo. Masamba a Chichewa m'nyuzipepala, zikwangwani za mabungwe, mauthenga a zaumoyo omasuliridwa mothamanga, zonsezi ndi mabolodi amene mwana amawerenga popita kusukulu, ndipo amamuphunzitsa kuposa mphunzitsi. Sitingamuimbe mlandu mphunzitsi wa ana 130 pa h mmodzi pamene ife, okhala patebulo ndi kapu ya tiyi, tikumeza ambirimbiri. Ndipo ndani mwa ife adalembapo kabuku ka masamba khumi ndi awiri ka mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, kamene mawu ake adasankhidwa mwadala kuti akulitse nkhokwe yake? Tonse tikufuna kulemba buku loti lidzalowe pa silabasi ya Fomu 4, poti n'kumene kuli ndalama. Tikumanga denga, maziko tasiyira chiswe.

Madzulo a Loweruka lija ndidang'amba kapepala kakang'ono n'kumuuza mdzukulu wanga kuti akagwire kutsogolo kwa milomo yake. Ndidati anene "ponya." Kapepala kadangoti phee. Ndidati anene "phonya." Kapepala kadagwedezeka. Adabwereza, kadagwedezekanso. Adaseka mpaka kugwa pamkeka, n'kuyamba kuyesa yekha: pala, phala, kola, khola, kama, khama. Adaitana mlongo wake wamng'ono kuti adzaone matsenga. Pofika nthawi ya nsima adali atapeza mawu ena asanu ndi limodzi amene ine sindidamuuze, ndipo adatenga cholembera n'kukaika h uja pamalo pake, pamwamba penipeni pa chichongo chofiira.

Kenaka, tikusamba m'manja, adandifunsa kuti, "Agogo, nanga mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo, kapepala kakuti chiyani?"

Ndidamuuza kuti pamenepo kapepala sikathandiza, ndi khutu lokha, chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Adati akawafunsa aphunzitsi Lolemba. Ndidamupatsa mtanthauziramawu wanga kuti apite nawo, n'kumuuza kuti akawabwereke mpaka teremu itatha.